Kusonkhera chipatala nthawi ya mliri: mmene timachitira kuno ku Harare kuti thandizo lifikedi pa wodi

Abale anga funso ili ndaliyankha mpaka mawu kusasa: "Achimwene, tikufuna tisonkhe tithandize chipatala, tiyambire pati?" Linayamba kubwera mu 2021 titangomaliza kusonkha ife a sosaiti ya maliro ya kwathu ku lokeshoni ya Mufakose, linadzabweranso kolera atavuta ku Kuwadzana mu 2023, ndipo mpaka pano a kumipingo, a kumzikiti ngakhale magulu a pa WhatsApp amandiimbirabe, ena usiku ndithu. Nde ndati ndilembe kamodzi basi, wofunsa ndizingomutumizira izi.

Kusonkhetsa ndalama pakokha si kovuta. Ife ochokera kumudzi kupereka tinayamwira, chipepeso pamaliro, chomwe anzathu a Chishona amati chema, sitichedwa nacho olo zinthu zithine bwanji. Covid itafika, munthu woyamba atamwalira ku chipatala cha Wilkins pa 23 March 2020, lokodauni ya masiku 21 itayamba pa 30 March, anthu ankafuna kuthandiza pomwe iwo eni m'nyumba munalibe ndi ufa omwe. Povuta ndi pakati pa thumba la wopereka ndi bedi la wodwala, pamenepo ndi pomwe ndalama imasungunukira, katundu amakagonera m'bokosi, anthu opemphera limodzi nkusiya kupatsana moni. Tsatirani bwino.

1. Pitani kaye kuchipatalako musanapemphe olo dola imodzi

Safunsa anadya phula. Magulu ambiri amayamba ndi kusonkha, ndalama ikakwana nkukagula zomwe iwo akuganiza, kenako ndi pomwe amakafunsa ngati zikufunika. Tembenuzani zimenezo.

Dziwani kaye mwini chipatalacho. Parirenyatwa, Chitungwiza Central ndi Sally Mugabe, chija tonse timangoti ku Gomo, ndi za boma, zili pansi pa unduna wa zaumoyo. Wilkins, Beatrice Road yomwe achikulire amati ku Nazareth, ndi makiliniki a m'malokeshoni ngati ku Mbare, Mabvuku, Budiriro, ndi za khonsolo ya mzinda, akuluakulu ake a zaumoyo amakhala ku Rowan Martin. Kalata yanu ikapita kolakwika imangozungulira m'maofesi inu mukuyesa ayankha mawa.

Mukafika funsani sister in charge, ameneyo ndi nesi wamkulu woyang'anira wodi kapena kiliniki, iye akulozerani kwa matron, wamkulu wa manesi onse, kapena kwa administrator amene amaona za katundu ndi ndalama. Funso lake lisakhale loti "mukufuna chani", chifukwa akuuzani zonse mpaka ambulansi. Funsani kuti, chomwe chimakutherani sabata iliyonse nkukuimitsani ntchito ndi chani? Ife tinapita titatsimikiza kale kuti tikagula mamasiki. Sisitala wa pa kiliniki ina anatiyang'ana nkutiuza kuti mamasiki abwera kale kuchokera kwina, chomwe analibe ndi zidebe za mpopi zosambira m'manja, magolovesi olimba aja ofika m'chigongono a anthu okolopa, mapulasitiki otayiramo zinyalala, ndi mabatire a tizipangizo toyezera mpweya pachala. Anatitengera kuseri nkutionetsa mayi wina wokolopa, manja atasuwa ndi jiki chifukwa ankachapa mopu ndi timagolovesi topyapyala tija tong'ambika msanga. Palibe m'gulu lathu amene anaganizako za okolopa, tonse maso anali pa madokotala.

Zomwe akuuzanizo apempheni alembe papepala, asayine, adinde chidindo. Pepala limenelo ndi lomwe muzionetsa opereka.

2. Sankhani chinthu chimodzi, muike mtengo ndi tsiku lotsekera

"Tikuthandiza chipatala" si cholinga, munthu sadziwa kuti dola yake ikathera pati. Nenani kuti tikugula zidebe zakuti, magolovesi mapeya akuti, zonse pamodzi ndi ndalama zakuti, titseka Lamlungu lakuti. Masabata awiri kapena atatu akwana. Msonkhesonkhe wopanda tsiku lotsekera umatopetsa anthu ndipo ndi umene umabala manong'onong'o.

3. Ndalama isagwiridwe ndi munthu mmodzi, komanso lamulo lilipo

Anthu atatu osachepera: wolandira, wolemba, ndi wina woona ngati za awiriwa zikugwirizana. Asakhale a banja limodzi, ndipo wolandirayo asakhale abusa, shehe kapena tcheyamani, osati chifukwa ndi akuba ayi, koma munthu amene mumamuopa simungamufunse risiti momasuka. Kwathu tinasankha mayi wina wa chigwirizano amene amasunga buku la mukando, chipereganyu chija, zaka zambiri osasowetsa olo senti, ndipo anthu atangomva kuti ndi iwowo mitima inakhala pansi.

Za lamulo musazipeputse. Kusonkherana nokhanokha mu sosaiti kapena mumpingo ndi nkhani ina, koma mukatuluka kukapempha kwa anthu wamba, pa Facebook, m'mashopu, m'misewu, lamulo la mabungwe othandiza anthu lotchedwa PVO Act likukukhudzani, ndipo linasinthidwanso mu 2025. Njira yachidule ndi kudzera ku mpingo kapena bungwe lolembetsedwa kale kuti dzina ndi akaunti zikhale zawo, apo ayi pitani ku ofesi ya Social Welfare ya dera lanu mukafunse chilolezo musanalengeze. Kufunsa sikulipiritsa.

4. Konzani polowera ndalama, ndipo musaigoneke

Kuno ndalama imabwera mitundumitundu, wina ma US a m'manja, wina EcoCash, wina InnBucks, mwana wa ku Joni kapena ku UK atumiza pa Mukuru kapena WorldRemit. Lengezani nambala imodzi yokha pa njira iliyonse ndi dzina lomwe lizituluka munthu akamatumiza, ndipo nenani kuti nambala ikasintha ndi bodza, chifukwa akathyali amakopera uthenga wanu womwewo nkungosintha nambala.

M'buku lembani ndalama mmene yabwerera. Ya US ilembedwe US, ya kuno ilembedwe ya kuno, ndi tsiku lake. Osasintha m'mutu nkulemba zosinthasinthazo, chifukwa reti, mtengo wosinthira uja, ya lero si ya mawa, tsiku la lipoti mudzakangana mpaka kutukwanizana pa ndalama yomwe palibe anadya. Lembaninso zodulidwa zonse: kamsonkho ka boma ka potumiza ndalama, IMTT, kamene mu October 2018 kanaikidwa pa 2 peresenti, ndi zomwe amadula potapa. Zimaoneka zochepa koma pamapeto ndi zomwe zimasiya dzenje loti simungalifotokoze.

Ndalama ya kuno musaisunge kudikira kuti ikwane yonse. Mu July 2020 kukwera mitengo kunadutsa 800 peresenti pachaka, ndalama yogula mabokosi khumi lero pakutha mwezi inkagula ochepa, ndipo chaka chomwecho mu June boma linakhwimitsa malamulo a ndalama za pafoni anthu nkupezeka sangatulutse zomwe ali nazo nthawi imodzi. Pano kuli ndalama yatsopano ya ZiG kuyambira April 2024 koma langizo langa ndi lomwelo, ikalowa gulani gawo lomwe ingathe. Ma US a m'manja ayang'anitsitseni polandira, yong'ambika kapena yakuda kwambiri ogulitsa ambiri amaikana, mubwezereni mwini wake mwaulemu asinthe pomwepo.

A kunja amakonda kunena kuti tsegulani GoFundMe, tsamba losonkhetsera ndalama pa intaneti. Munthu wokhala ku Zimbabwe sangatsegule nkutapa yekha, pamafunika wina wokhala dziko ngati UK kapena America, nde dziwani kuti ndalamayo ikhala m'manja mwa iyeyo. Akhale munthu woti kwawo mumakudziwa, ndipo azitumiza chithunzi cha zomwe zalowa ndi zomwe zadulidwa.

5. Popempha musagulitse ulemu wa odwala

Chithunzi cha munthu ali pa mpweya chimabweretsa ndalama msanga, ndikudziwa, koma musachite. Ameneyo ndi bambo a wina, sanavomere, ndipo nesi amene wakulolani kujambula akhoza kuchotsedwa ntchito. Jambulani pepala la sisitala lija, jambulani chidebe chothyoka mpopi, zikwana.

Ndipo musaike mndandanda wa mayina ndi ndalama zawo pagulu popanda kufunsa. Nthawi ya lokodauni ambiri a ife, ogulitsa ku Mbare Musika, ogwira m'magadeni ndi m'makhitchini a ku Borrowdale, osoka, analibe kolowera ndalama. Munthu wotere akapereka dola imodzi nkuiona yaikidwa pansi pa handiredi ya wa ku London, ulendo wina sabweranso. Ife tinkapatsa aliyense nambala ya risiti, pagulu nkumaika manambalawo ndi ndalama zake, aliyense amadzipeza yekha. Amene alibe ndalama mpatseni mbali ina, wina ali ndi bhaki yonyamulira, wina amadziwa kogula motchipa.

6. Kugula

Pezani makotesheni atatu olembedwa, mapepala a mitengo ochokera kwa ogulitsa, muwaonetse achipatala musanalipire kuti anene ngati mtundu wake ndi womwewo. Risiti iliyonse ijambulidwe tsiku lomwelo, inki ya timapepala ta mu till imafufutika.

Pa mpweya ndiimepo pang'ono chifukwa mu January 2021 ndi mu July 2021 aliyense ankalira okosijeni ndipo ambiri anagula zolakwika. Pali silinda, chibotolo chachitsulo chija, ndi concentrator, makina okoka mpweya wa m'chipinda nkuusefa. Silinda safuna magetsi koma imatha, nde funsani kuti ikatha adzadzazitsa ndani, ndi ndalama ya ndani. Payokha sigwira ntchito, imafuna regulator, kachipangizo kowongolera katulukidwe ka mpweya, yokhala ndi geji, ndipo milomo ya masilinda si yofanana, ina ndi bullnose ina pin index, mukagula yosiyana simungamange. Concentrator yaing'ono imapereka malita 5 pa mphindi, ikuluikulu 10, pomwe wodwala kwambiri amafuna mpaka 15, komanso magetsi akathima nayo yathima, nde kwa ife odalira magetsi a kampani ya ZESA funsani ngati pali jenereta kapena sola. Achibale a ku America akafuna kutumiza makina auzeni kuti kwawoko magetsi ndi 110 kapena 120 volts, kuno ndi 220 mpaka 240, mukangolumikiza osayang'ana apsa tsiku lomwelo. Ndipo pa silinda pasayandikire mafuta, girisi kapena Vaseline, moto wake ndi woopsa.

Mankhwala asiyeni pokhapokha achipatala atalemba okha dzina ndi mlingo, mukagule ku famase yovomerezeka. Osatolera otsala m'makomo. Ochokera kunja amafuna chilolezo cha MCAZ, bungwe loona za mankhwala, ndipo malangizo a WHO amati mankhwala operekedwa azifika atatsala ndi chaka chathunthu asanathe mphamvu. Katundu aliyense wochokera kunja, mapepala opempha ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, kuti ichotse msonkho ayambe katunduyo asananyamuke, ndi kalata yochokera ku chipatala ndi ku unduna. Akafika kaye mapepala kulibe, amakhala mu warehouse ndipo tsiku lililonse mukulipira malo.

7. Kupereka katundu kuti alowe m'buku la chipatala

Apa ndi pomwe ndimafuna mumvetsetse, chifukwa aliyense amakuuzani za kusonkha ndi kugula, za apa ndi ochepa amanena, ndipo ife tinagwa pomwepa.

Ulendo wathu wachiwiri tinagula ma concentrator awiri. Tinasangalala, tinawanyamula Loweruka masana, tinafika pa chipatala china, ma ofesi otseka, tinajambulitsa pageti ndi mabokosi athu, nkuwasiya kwa nesi amene anali pa ntchito ndi mlonda, zithunzi nkuponya pagulu anthu nkumaimba nthungululu. Patatha masabata atatu mtsikana wina wa m'gulu lathu amene ankadwazika mayi ake komweko anatiuza kuti makina aja sanawaonepo pa wodi. Nkhani inafalikira ngati moto wolusa, akuti manesi agulitsa, ena akuti komiti inangobwereka mabokosi opanda kanthu kuti ijambulitse. Ine tulo sindinalione. Titapitako tinawapeza ali m'kachipinda kokhoma, mabokosi osatsegula, tepi yake ili chimodzimodzi. Palibe anaba. Sisitala anatiuza mofatsa kuti, bambo, chinthu chomwe sichili m'buku ine sindingachiike pa wodwala, chikapsa kapena chikasowa kapena wodwala akafa ali pamenepo, adzafunsa ine kuti chinachokera kuti ndipo anachiyeza ndani. Ananena zoona. Masabata atatu amenewo anthu ankasowa mpweya makina ali m'bokosi, chifukwa cha ife ofuna chithunzi msanga.

Nde chitani motere. Lembani kalata yopereka, makope atatu. Mulembemo dzina la gulu lanu, chinthu chilichonse ndi kuchuluka kwake, ngati ndi makina lembani mtundu ndi serial number yomwe ili kumbuyo kwake, mtengo wake, ndi mawu oti mwapereka ulere simudzafunanso. Lembaninso wodi kapena kiliniki yomwe mukufuna zikagwire ntchito, koma onjezerani kuti akuluakulu akhoza kusamutsa pakafunika kutero bola akudziwitseni, chifukwa mliri umasuntha, lero kwadzaza uku mawa uko.

Panganani tsiku ndi administrator, likhale la pakati pa sabata, m'mawa. Katundu sapita pa wodi mwachindunji, amayamba ku stores, nyumba yosungira katundu wa chipatala. Kumeneko wa stores awerenge inu muli pomwepo, bokosi lililonse litsegulidwe, osangowerenga mabokosi. Akatero amalemba GRV, kapepala kotsimikiza kuti katundu walandiridwa, pemphani kope yake kapena nambala yake, ndipo pa kalata yanu asayine, alembe dzina lake lomveka ndi udindo, adinde chidindo cha tsiku. Kope imodzi yawo, imodzi ya sisitala wa pa wodi, imodzi yanu. Siginecha yopanda chidindo musavomere, olo akuuzeni kuti wa chidindo wapita ku tiyi, dikirani.

Ngati ndi makina pali zina ziwiri. Ayenera kulowa mu asset register, buku la katundu wokhalitsa, nkupatsidwa nambala yomwe amailemba pa makinawo, imeneyo ilembeni kwanu. Komanso amisiri a zipangizo a chipatala awayese kaye ndi kuonetsa manesi kagwiritsidwe kake. Funsani kuti zimenezi zichitika liti, mutenge nambala ya ofesi. Musaiwale tizinthu toyendera limodzi: timachubu ta m'mphuno, kabotolo konyowetsa mpweya, madzi ake oyera aja otchedwa distilled water, mafyuluta, adaputala ya pulagi ya mano atatu. Makina a ndalama zambiri amatha kuima chifukwa cha kachubu ka dola imodzi.

Kuchoka ku stores kupita pa wodi sisitala amalemba requisition, pepala loitanitsira, nde muuzeni tsiku lomwelo kuti katundu wafika, chifukwa nthawi ya mliri anthu amagwira mosinthana, ena ali kwaokha akudwala, uthenga umasowera panjira. Pakatha sabata imbani. Pakatha masabata awiri pitani. Ku red zone, mbali ija yogonekako odwala matenda opatsirana, sakulolani kulowa ndipo musakakamire, pemphani sisitala ajambule makinawo ali pamalo pake nambala ikuoneka, popanda nkhope ya wodwala. Pofunsa funsani ngati mnzawo, "asisi, zija zikugwira bwino, pali chomwe chikusowa?" osati ngati wapolisi. Anthu amenewa amakhala atatopa, ena anataya anzawo a pantchito, mukawalankhula bwino amakuuzani zoona zake ngakhale zomwe zalakwika.

Ndalama ya m'manja musapatse wogwira ntchito aliyense kuti akagule yekha, olo mumamukhulupirira chotani, mukumuika m'mavuto. Ngati mwagwirizana zopereka ndalama osati katundu, ilowe mu akaunti ya chipatala kudzera ku accounts, mutenge risiti ya boma kapena ya khonsolo ndi kalata yonena chomwe igwire.

Kukakhala lokodauni ngati ija ya 2020 pomwe makombi analetsedwa kutsala mabasi a ZUPCO okha ndipo pa rodibuloko ankafuna kalata, pemphani achipatala akulembereni kalata ya tsiku lopereka yokhala ndi nambala ya galimoto. Apite anthu awiri kapena atatu basi, osati gulu lonse ndi yunifolomu, ndipo achikulire ndi a shuga kapena BP atsale kunyumba.

8. Bwererani kwa amene anapereka

Pasanathe sabata chiperekereni, tulutsani lipoti: zalowa zingati mtundu uliwonse, zodulidwa zingati, zagula chani, risiti izi, kalata yodindidwa iyi, zatsala zingati. Liwerengedwenso pakamwa ku sosaiti kapena kutchalitchi m'Chichewa, chifukwa agogo athu ambiri amene anabwera kale kudzagwira m'mafamu ndi m'migodi sali pa WhatsApp koma anapereka. Zikalakwika nenani nokha anthu asanamve kwina. Nkhani ya makina aja ndinaimirira ndekha pamsonkhano nkufotokoza mmene zinayendera, ena anakwiya ndithu ndipo anali ndi chifukwa, koma titaitananso nthawi ya kolera ambiri omwewo anaperekanso.

Zotsala musasankhire anthu. Olo ikhale faifi dola, funsani gulu: tibweze, tigule zowonjezera, kapena tisunge? Ndipo ndalama yosonkhera chipatala isasanduke ya maliro kapena ya fizi ya mwana wa membala, olo vutolo likhale loona, limenelo liyambitsireni msonkhe wake.

Opereka ena adzadwala okha mliri womwewo, kapena kuferedwa. Auzeni poyamba pomwe kuti kupereka sikugula bedi kapena silinda, chipatala chimaona amene wadwalitsitsa, kuti pasadzakhale wonena kuti ndinasonkha nawo bwanji mwandisiya. Koma inu a komiti musawataye. Mlembi akhale ndi manambala a onse, mukamva kuti uje wagonekedwa muimbireni, mufunse ngati ana kunyumba ali ndi chakudya, wina akasiye ufa ndi ndiwo pageti. Wa kunja amene anatumiza pa Mukuru mulembereni uthenga wakewake, osangoti zikomo nonse pagulu, ndipo pakatha miyezi itatu mutumizireni mawu a sisitala onena ngati makina aja akugwirabe ntchito ndi chomwe chikufunika kusinthidwa.